Lipoti la ulendo wanga ku msonkhano wa glaucoma: za mfuu ya m'diso ndi mtsempha umene ukufa

Apampando, akuluakulu a komiti, anamwino ndi makiliniko ofisa anzanga, alangizi a zaumoyo, ndi inu makolo athu amene mumaimira odwala m'gulu lathu lino, landirani moni wanga.

Ndabwerako bwino. Paja munandituma ndi funso limodzi, lomwe anafunsa ndi mayi athu oimira odwala tsiku lija tinakumana: zimatheka bwanji kuti munthu wa glaucoma akudontheza mankhwala mokhulupirika m'mawa ndi madzulo, pulesha ya m'diso yatsika ndithu, koma maso akumka napita? Kodi kunja konseku kulibe mankhwala oteteza mtsempha weniweniwo? Kwa amene muli ndi changu, yankho ndi ili: mankhwala amenewo sanafike pashelefu pena paliponse, kaya ku Johannesburg komwe ndinali, kaya ku London. Koma chifukwa chimene mtsempha umapitirizira kufa chayamba kuoneka, ndipo nkhani yake ndi imene yandichititsa kulemba masamba onsewa. Ndalemba m'Chichewa monga tinagwirizana, kuti aliyense awerenge yekha.

Za ulendo sindichulukitsa. Msonkhano unali wa masiku atatu. Chigawo cha m'mawa wa tsiku loyamba chinandidutsa chifukwa ndege inachedwa, ndipo chikwama changa chinafika tsiku lachiwiri, moti ndinalowa m'holo ya madokotala ovala masuti ndili ndi malaya omwe ndinanyamukira. Palibe amene anaziona ngati nkhani.

Ndiyambe ndi kukumbutsa zimene ambiri mukudziwa, kuti makolo athu tiyendere limodzi. Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kotchedwa retina. M'menemo muli maselo amene amanyamula zonse zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. M'lipoti lino ndiziwatchula kuti maselo a mtsempha. Selo lililonse lili ndi kaulusi kake kakatali, ndipo timaulusi toposa 1 miliyoni timakumana n'kupanga chingwe chimodzi, mtsempha wa diso. Potuluka m'diso timadutsa pa kasefa kotchedwa lamina cribrosa, ndipo pulesha ikakwera timafinyikira pamenepo. Pulesha ya anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Selo la mtsempha likafa silimeranso. Wa ng'ala timamuchita opareshoni, mawa lake n'kumawerenga zala zathu akuseka. Wa glaucoma, kapena BP ya m'maso monga ena amanenera, zake ndi madzi otayika aja, saoleka.

Chiwerengero chimene pafupifupi wolankhula aliyense ankayamba nacho n'chochokera ku kafukufuku wa 2014: anthu 76 miliyoni odwala glaucoma padziko lonse m'chaka cha 2020, kukwera kufika 111.8 miliyoni pofika 2040. Mtundu wa glaucoma umene timauona kwambiri kuno, wobwera mwakachetechete popanda kupweteka, ndi wochuluka mu Africa kuposa kwina kulikonse, pafupifupi anthu 4 pa 100 alionse a zaka 40 mpaka 80. Izi si zachilendo kwa ife amene timaona mzere wa Lolemba.

Tsopano nkhani yeniyeni. Inakambidwa masana a tsiku lachiwiri, m'chipinda chaching'ono, nthawi imene anthu ambiri anali kwina kukaonera zida zatsopano za opareshoni.

M'retina simukhala maselo a mtsempha okha. Muli ena ambirimbiri amene ntchito yawo ndi kusamalira anzawowo. Ena ndi alonda, amatchedwa microglia. Amakhala akufufuzafufuza, akapeza chovulala kapena chakufa amachotsa. Ena amatchedwa astrocyte. Awa amadyetsa maselo a mtsempha, kuwasesera ndi kuwachirikiza, makamaka pa kasefa paja. Maselo onsewa amalankhulana, ndipo mawu awo ndi timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma cytokine. Ndiwo amithenga a chitetezo cha m'thupi. Mukatentha thupi ndi malungo, kapena chala chikatupa ndi kufiira, ndiye kuti amithenga amenewa ali pa ntchito.

Njira imene ine ndinazimvera ndi iyi. Usiku m'mudzi wina akuwa kuti "Wakubaaa!" Mfuu imeneyo ndi yabwino, anthu amadzuka, wakuba amaliyatsa, aliyense n'kubwerera kukagona. Koma tayerekezani mfuu ikumveka usiku uliwonse, mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Anthu sagonanso, mitima ili m'mwamba, zibonga zili m'manja, ndipo tsiku lina amamenya mwini nyumba akuchokera kuchimbudzi. Mu glaucoma, pulesha ndi imene imayambitsa mfuu. Vuto ndi lakuti pulesha ikatsika, si nthawi zonse pamene mfuu imaleka.

Mthenga amene anatchulidwa kwambiri ndi TNF-alpha. M'chaka cha 2000, Gülgün Tezel ndi Martin Wax, ku St. Louis m'dziko la America, anaika maselo osamalira aja m'mbale za m'labotale n'kuwapanikiza ndi pulesha. Maselowo anayamba kutulutsa TNF-alpha, ndipo maselo a mtsempha amene anali nawo limodzi anayamba kufa. Atatseka TNF-alpha, imfa ija inachepa. Chaka chotsatira anapezanso mthenga yemweyu ali wochuluka m'maso a anthu amene anamwalira ali ndi glaucoma. Mu 2006, Toru Nakazawa ndi anzake ku Boston analondola ndondomeko yake mu mbewa: pulesha ikakwera, TNF-alpha amachuluka m'masiku ochepa, kenako alonda amadzuka, patatha milungu iwiri maselo amene amakuta timaulusi tija amayamba kutha, ndipo maselo a mtsempha enieniwo amagwa pa milungu inayi. Onani mpata umenewo. Pakati pa mfuu ndi maliro pali nthawi, ndipo ofufuza akufuna kulowerera pamenepo. Mu 2012 ena anabaya makoswe a glaucoma ndi etanercept, mankhwala otseka TNF amene amaperekedwa kale kwa odwala nyamakazi yoopsa. Pulesha sinatsike, koma maselo a mtsempha ambiri anapulumuka.

Pamenepa ndinali nditakhala tsonga, cholembera chikuthamanga. Ndinkaona ngati yankho la mayi athu lapezeka. Wolankhula wotsatira ndi amene anandithira madzi ozizira.

TNF-alpha amagogoda pa makomo awiri. Akalowera pa khomo loyamba, TNFR1, uthenga wake nthawi zambiri umakhala woti selo life. Akalowera pa lachiwiri, TNFR2, uthenga umakhala woti selo lilimbe. Kafukufuku wa 2002 pa mbewa zimene retina yake inamanidwa magazi anaonetsa zimenezi poyera: mbewa zopanda khomo loyamba zinataya maselo ochepa, zopanda khomo lachiwiri zinataya ochuluka kuposa mbewa wamba. Ndiye mukatseka mthengayo kotheratu, mwatseka zoipa ndi zabwino zomwe. Mthenga wina, IL-6, amene m'matenda ambiri amadziwika ngati woyambitsa kutupa, anapezeka mu 2006 ku yunivesite ya Vanderbilt akuteteza maselo a mtsempha ku pulesha. Rebecca Sappington ndi David Calkins ndi amene anaona zimenezo. Mthenga yemweyo, lero mdani, mawa mnansi, malinga ndi kuchuluka kwake, nthawi imene wabwera, ndi khomo limene wagogoda.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya ma astrocyte. Mu 2017, Shane Liddelow ndi gulu la malemu Ben Barres ku Stanford anaonetsa kuti alonda aja akakwiya amatulutsa zinthu zitatu pamodzi: IL-1 alpha, TNF ndi C1q. Zitatuzi zikafika kwa astrocyte, amene dzulo anali wodyetsa amasanduka wopha. Mu 2020 Kevin Guttenplan ndi anzake anayesa mbewa zobadwa zopanda zitatu zonsezi. Mtsempha wa diso utavulazidwa, ngakhalenso pulesha itakwezedwa, maselo a mtsempha ambiri sanafe. Koma panali kanthu kena kakang'ono kamene ndinakalemba kawiri m'kope langa: ma astrocyte osandukawo sapha selo lililonse, amapha lokhalo limene lavulala kale. Gulu lija silimenya aliyense, limamaliza amene akutsimphina. Kwa ine tanthauzo lake ndi loti kutsitsa pulesha sikunachoke pampando. Mukachepetsa ovulala, mwachepetsa omalizidwa.

Pali kafukufuku wina wa 2018 wochokera ku Boston, wa gulu la Dong Feng Chen, amene akuyankha funso lathu mwachindunji. Anakweza pulesha m'maso a mbewa kwa kanthawi, pulesha n'kubwerera m'malo mwake, koma maselo a mtsempha anapitiriza kufa. Atafufuza anapeza kuti maselo a CD4, omwe aja timawerenga ku kiliniki ya ma ARV, anali atalowa m'retina, malo amene nthawi zonse saloledwa kufikako, ndipo ankalimbana ndi mapuloteni a diso lomwelo. Chodabwitsa, mbewa zoleredwa mopanda tizilombo tina tilitonse m'thupi mwake sizinadwale choncho. Zikuoneka kuti asilikaliwo anaphunzira nkhope ya mdani pa mabakiteriya, kenako n'kusokoneza nkhope imeneyo ndi ya m'bale wawo. Chonde pasapezeke wina wochoka pano n'kumakauza anthu kuti CD4 yokwera imachititsa khungu. Izi zinaoneka mu mbewa, ndipo sizikusintha kalikonse pa kamwedwe ka ma ARV.

Nthawi ya mafunso ndinaimika dzanja, mtima ukugunda. Ndinati kwathu TB ili ponseponse, ndipo mankhwala otseka TNF monga infliximab, adalimumab ndi etanercept amadziwika kuti amadzutsa TB yogona. Nanga tidzawapereka bwanji kwa agogo a zaka 65 kwa moyo wawo wonse? Amene anayankha anavomera kuti nkhawayo ndi yoona, naonjeza kuti mankhwala omwewa nthawi zina amawononga chikuto cha mitsempha, ngakhale cha mtsempha wa diso womwewo. Anati maganizo alipo ndi opeza njira yotsekera khomo loyamba lokha, kapena yoika mankhwala m'diso mokhamokha osadutsa m'thupi lonse. Titatuluka, anzathu awiri a ku West Africa anandipeza pa tiyi n'kunena kuti funso lomwelo linali pakamwa pawo.

Njira yoika m'diso mokhamokha ilipo kale imodzi, ndipo anationetsa chithunzi chake pambali pa njere ya mpunga. Kukula kwake n'chimodzimodzi. Ndi kabotolo kotsekeka, m'kati mwake muli maselo amoyo amene anakonzedwa kuti azitulutsa CNTF, mthenga wa banja limodzi ndi IL-6 amene amalimbitsa maselo a mitsempha. Dokotala amakalowetsa m'diso n'kukasokerera ku khoma lake. Khoma la kabotoloko lili ndi timabowo tololeza chakudya kulowa ndi mthenga kutuluka, koma asilikali a m'thupi sangalowe kukapha maselowo. Kampani yake ndi Neurotech. Mu March 2025 bungwe la FDA ku America linavomereza kachipangizoka pa dzina loti Encelto, koma pa matenda ena a retina otchedwa MacTel, osati glaucoma. Pa glaucoma, Jeffrey Goldberg wa ku Stanford ndi anzake anayamba ndi odwala 11 okha pofuna kuona ngati n'kosavulaza, kenako anapitiriza ndi kafukufuku wokulirapo. Mpaka pano sikanavomerezedwe pa matenda athuwa. Ndinakayang'anitsitsa kachithunziko ndikuganiza za mtunda umene ulipo pakati pa iko ndi kabati yathu imene mwezi wina imasowa timolol, madontho otsitsa pulesha.

Dokotala wina wachikulire, amene anakhala chete nthawi yonse, anakumbutsa achinyamata za memantine. Mankhwala amenewa anateteza maselo a mtsempha mu nyama, anyani omwe. Kampani ya Allergan inawayesa pa odwala 2,298 kwa zaka zinayi, ndalama zosaneneka zinalowa, ndipo mapeto ake omwa memantine sanasiyane ndi omwa mapiritsi opanda mankhwala. Zotsatira zonse zinadzasindikizidwa mochedwa, mu 2018. Brimonidine, madontho ena otsitsa pulesha, nayenso anapatsa anthu chiyembekezo mu 2011, pamene odwala a glaucoma ya pulesha yosakwera amene ankadontheza iyeyu anaoneka kuti akutaya maso pang'onopang'ono kuposa a timolol, koma ambiri anasiyira panjira chifukwa maso ankayabwa ndi kufiira, moti zotsatirazo anthu amazilandira ndi dzanja limodzi.

Mbewa si munthu, ndipo ife amene timazidziwa mbewa pa kamtengo m'mbali mwa msewu sitifunika kuuzidwa. Ya m'labotale imakhala zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono, pamene glaucoma ya munthu imadya diso zaka 10 kapena 20. Kasefa ka mbewa si kolimba ngati kathu. Komanso mbewa kawirikawiri imalandira mankhwala matenda asanayambe kapena atangoyamba. Wodwala wathu amafika diso limodzi litazima kale, linalo akuonera ngati pa bowo la nsungwi, atatsogoleredwa ndi mdzukulu amene wajomba kusukulu.

Nicotinamide, mtundu wa vitamini B3, si cytokine, koma anakambidwa m'chigawo chomwecho ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munaona nkhani yake pa Facebook. Mu 2017 Pete Williams ndi Simon John ku Jackson Laboratory anaonetsa kuti amateteza maso a mbewa. Mu 2020 ku Melbourne anayesa pa anthu 57 kwa miyezi yochepa, ndipo retina inaoneka kuti ikugwira ntchito bwinoko pa makina oyezera. Kafukufuku wamkulu akuchitika m'mayiko angapo. Koma mlingo umene amagwiritsa ntchito umafika magalamu 3 pa tsiku, ndipo mu 2025 mabungwe a madokotala a maso ku America, American Academy of Ophthalmology ndi American Glaucoma Society, anachenjeza kuti mlingo wotere wavulazapo chiwindi mwa anthu ena. Wodwala akakufunsani, muuzeni kuti asagule yekha.

Tsopano chimene chandisowetsa tulo chibwerereni. Nkhani yoti glaucoma ili ndi mbali ya kutupa ikafika m'misika yathu, wina adzati ndiye tidontheze mankhwala oletsa kutupa. Mankhwala oletsa kutupa amene amapezeka mosavuta kuno ndi ma steroid: dexamethasone, betamethasone, prednisolone. Amenewa amakweza pulesha ya m'diso mwa pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse akagwiritsidwa ntchito milungu ingapo, ndipo mwa ana zimathamanga kwambiri. Ena mukukumbuka mnyamata uja wa pulayimale amene anabwera ndi mayi ake chaka chatha. Maso ankamuyabwa nthawi ya fumbi, monga amachitira ana ambiri. Wina anawapatsa kabotolo kamodzi, maso anayera mbee, mwana n'kugona bwino. Kabotolo kakatha ankagula kena, popanda pepala la dokotala, kwa zaka ziwiri. Mayiwo anatulutsa m'kathumba ka shuga timabotolo topanda kanthu n'kutindandalika patebulo langa, monyadira kuti sanamulekerere mwana. Nditayeza, pulesha inali itadutsa 40 m'maso onse awiri. Nditayang'ana kumbuyo, mutu wa mtsempha unali utakumbika ngati mbale. Kunja diso loyera bwino, chikomekome cha nkuyu. Sindinadziwe poyambira kuwauza mayi aja, chifukwa chimene chinapha maso a mwana wawo chinali chikondi chawo chomwe ndi wogulitsa amene sanafunse funso.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinabwera nacho chomwe tingachigwire ndi manja, ndipo chodabwitsa n'chakuti nacho chimayendera amithenga omwewa. Ndi laser yotchedwa SLT. Imawombedwa kutsogolo kwa diso, pa ngalande imene madzi a m'diso amatulukira, kwa mphindi zochepa, wodwala atakhala pampando, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Siboola kanthu. Imangodzidzimutsa maselo a pangalandepo, iwo n'kutulutsa IL-1 ndi TNF-alpha, amithengawa n'kuitana oyeretsa kuti adzakonze ngalande, madzi n'kumayenda. Mfuu yomwe ija imene kumbuyo kwa diso imapha, kutsogolo ikakuwidwa kamodzi imatsegula njira. Ndipo umboni wake si wa mbewa. Ku chipatala cha KCMC ku Moshi, kwa anansi athu a ku Tanzania, anayerekeza SLT ndi timolol, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2021: patatha chaka, maso 61 pa 100 alionse a SLT pulesha yake inali bwino, pamene a timolol anali 31. Odwala ake ndi ofanana ndi athu, ofika mochedwa, okhala kutali, osowa ya thiransipoti. Ku Britain kafukufuku wa LiGHT wa 2019 anapezanso kuti laser ikhoza kukhala chithandizo choyamba m'malo mwa madontho.

Zopempha zanga kwa komiti ndi izi. Ndikufuna tilembe kalata kwa akuluakulu athu yofunsa za makina a SLT ndi maphunziro ake, ngakhale atakhala amodzi oyenda m'zipatala zingapo. Ndayamba kale kuilemba, ikusowa maso a apampando. Ndikufunanso titsegule kaundula wa odwala amene pulesha yawo ili bwino koma maso akupitabe. Tsiku limene ofufuza adzafune kuyesa mankhwala oteteza mtsempha pa anthu a mu Africa, adzapita kumene kuli zolembedwa, ndipo ngakhale asabwere, kaundulayo atithandiza kuona amene akufunika kutsitsidwa pulesha kwambiri kapena kutumizidwa ku opareshoni msanga. Za achibale a odwala tinagwirizana kalekale kuti aliyense wopitirira zaka 40 aziyezedwa, koma tinene zoona, timangonena pakamwa wodwala akutuluka pakhomo. Alangizi a zaumoyo, apa tikudalira inu, chifukwa ndinu amene mumadziwa kuti mchimwene wake wa uje amakhala mudzi uti.

Koma choyamba pa zonse ndi ogulitsa mankhwala. Sabata yokumbukira glaucoma padziko lonse imakhala mu March, ndipo ndikupempha kuti chaka chino tisathere ndalama pa malaya ndi zikwangwani. Tigawane misika, awiriawiri, tikakhale pansi ndi eni mafamase ndi timagolosale togulitsa madontho a m'maso, tikawaonetse mayina atatu a ma steroid aja pa kabotolo. Mayi a mnyamata uja anandilola kusunga timabotolo tawo, ndipo ndidzatinyamula.

Malisiti onse a ulendo ndapereka kwa msungichuma pamodzi ndi ndalama yotsala. Zithunzi za zimene zinaonetsedwa ku msonkhano zili pa kompyuta ya mu ofesi, wofuna abwere ndi fulashi yake. Amene mwakonzeka kupita ku misika, lembani mayina anu kwa mlembi pasanafike Lachisanu, mutchulenso msika umene uli pafupi ndi kwanu.